N'chifukwa chiyani module ya Wi-Fi kapena ya GSM imangozima n'kuyakanso?

Amene anayesapo kulumikiza kachipangizo kake ku intaneti pogwiritsa ntchito ESP32, chip ya kakompyuta kakang'ono kokhala ndi Wi-Fi, mawu awa si achilendo kwa iye: "Brownout detector was triggered". Amatulukira pakompyuta pa nthawi yeniyeni imene pulogalamu yalamula kuti Wi-Fi iyake. Kachipangizoko kamazima, n'kudzukanso, n'kufika pomwe paja, n'kuzimanso. Masiku amatha munthu akusinthasintha pulogalamu. Mapeto ake amagamula kuti anamugulitsa module yakufa, koma akabweretsa ina, nyimbo yake imakhala yomweyo.

Wina vuto lake ndi SIM800L, module ya GSM yolumikizira pa netiweki ya mafoni, imene kagetsi kake kakuphethira koma netiweki osagwira. Winanso ndi nRF24L01+, kawailesi kolumikizira zipangizo zoyandikana, imene lero ikutumiza uthenga, mawa yakana, popanda chimene wasintha. Matendawa amaoneka osiyana, koma mukawafukula ambiri amachokera pa zinthu ziwiri: module ikuperewera moto pa kanthawi kochepa kamene ikuufunitsitsa, kapena sikudzutsidwa m'njira imene oipanga anakonza.

## Mawu oti timvane kaye

Module imene tikunena pano ndi kabodi kakang'ono kokhala ndi wailesi yotumiza ndi kulandira uthenga popanda waya. Kamaikidwa m'kati mwa chipangizo china, monga mita yamagetsi, alamu, kapena chida cholondolera kumene galimoto ili.

Voltage, imene imayezedwa m'ma volt kapena V mwachidule, ili ngati mphamvu imene ikukankha madzi m'paipi. Current, yoyezedwa m'ma ampere kapena A, ndi kuchuluka kwa madzi amene akudutsa. 1 A ndi 1,000 mA. Brownout ndi pamene moto wafooka koma sunazime, voltage yatsikira pansi pa mlingo wofunika. Reset ndi kubwezera chip poyambira penipeni kuti iiwale zonse zimene imachita. Datasheet ndi chikalata chimene opanga chip amalembamo malire ake onse. Pa nthawi, milisekondi kapena ms ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo µs ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milisekondi.

## Wailesi simwa pang'onopang'ono, imachita kugugudiza

Babu likayaka limakoka moto wofanana kuyambira poyatsa mpaka pozimitsa. Wailesi sitero. Nthawi yambiri imakhala ili mtulo kapena ikungomvetsera, kenako mwadzidzidzi imakuwa, n'kukhalanso chete. Kukuwako ndiye kumadya moto.

Taonani ESP32, imene kampani ya Espressif inatulutsa mu 2016. Ikagona tulo tofa nato imakoka pafupifupi 10 µA, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 100 a 1 mA. Ikamamvetsera Wi-Fi imakoka pafupifupi 100 mA. Ikamatumiza ndi mphamvu zake zonse, datasheet imatchula 240 mA, ndipo a Espressif amalangiza kuti gwero la moto lizitha kupereka 500 mA kapena kuposa. Mkulu wake, ESP8266 ya mu 2014, imafika 170 mA potumiza. Komanso wailesi ikangoyatsidwa imayamba yadziyeza ndi kudzikonza yokha, ndipo panthawiyi imakoka moto wambiri. N'chifukwa chake chipangizo chimagwa Wi-Fi ikangoyaka, chisanatumize n'komwe uthenga wanu.

Koma katswiri pa kugugudiza ndi GSM. Pa GSM mafoni asanu ndi atatu amagawana njira imodzi mosinthana. Nthawi imadulidwa m'zidutswa za 4.615 ms, ndipo chidutswa chilichonse chili ndi zigawo 8 za 577 µs. Module imalankhula m'chigawo chake chokha, n'kukhala chete m'zigawo zina 7. Pa 900 MHz imaloledwa kukuwa ndi mphamvu yofika 2 W, ndipo kuti ifike pa ma watt awiriwo, module ngati SIM800L ya kampani ya SIMCom imakoka mpaka 2 A. Zimenezi zimabwerezedwa ka 217 pa sekondi imodzi. Ngati munamvapo sipika ikulira kuti "drrr-drrr" foni yapafupi isanaitane, munamva kugugudiza komweku.

Apa m'pamene multimeter, mita yoyezera voltage ndi current, imanamiza anthu. Mita yotere imachedwa, motero imangoonetsa avereji. Mukagawa 2 A ndi 8 mupeza 250 mA. Munthu amaona nambala yaing'ono ngati imeneyi n'kunena kuti gwero la 500 mA lakwana ndi kutsala. Silinakwane. Module sifuna avereji, imafuna 2 A yonseyo m'kanthawi ka 577 µs kaja. Netiweki ikakhala yofooka, nsanja imauza module kuti ikweze mawu, choncho chipangizo chimene chimagwira bwino pafupi ndi nsanja chikhoza kuyamba kuzima chikapita kutali.

LoRa, wailesi yotumiza timauthenga tating'ono patali, ili ndi khalidwe lina. Chip ya SX1276 ya kampani ya Semtech imakoka 120 mA pa mphamvu yake yonse, zimene si zambiri, koma uthenga umodzi ukhoza kutenga kupitirira sekondi yathunthu uli m'njira. Imakuwa motsitsa, koma mokoka mpweya.

## Kumene moto umatayikira panjira

Malo oyamba ndi gwero lenilenilo. Mwendo, kapena kuti polumikizira waya, wa 3.3 V wa pa Arduino Uno, kabodi kotchuka kophunzirira zamagetsi, unalembedwa kuti uzipereka 50 mA basi. Chip ya FT232R, imene ili pa timabodi tambiri tolumikizira kompyuta ndi module, nayonso imapereka 50 mA pa 3.3 V yake. Onse awiri amatha kuyatsa ESP8266 n'kuioneka yamoyo, mpaka itayesa kutumiza. Doko la USB 2.0 limalonjeza 500 mA, ndiye kuti kwa GSM n'lochepa.

Malo achiwiri ndi mawaya, ndipo awa ndi amene anthu sawaganizira. Waya aliyense amakaniza magetsi pang'ono, ndipo kukanizako kumayezedwa m'ma ohm. Voltage yotayika panjira ndi current kuchulukitsa ndi ma ohm. Tiyerekeze kuti mawaya anu opyapyala, kuphatikizapo polumikizira pake, akwana 0.3 ohm popita ndi pobwera. Pa 20 mA mutaya 0.006 V, zosaoneka n'komwe. Pa 2 A mutaya 0.6 V. SIM800L imagwira ntchito pakati pa 3.4 V ndi 4.4 V, ndiye ngati batire lanu lili pa 3.8 V, pa nthawi yokuwa module ikulandira 3.2 V yokha. Yadutsa malire apansi, ndipo imadzizimitsa. Mukabwera ndi mita n'kuyeza pa batire mupeza 3.8 V yabwinobwino. Chingwe cha USB chachitali ndi chopyapyala chimachitanso zomwezi kwa ESP32, ndipo nthawi zambiri kungosintha chingwe kumathetsa uthenga wa brownout uja.

Malo achitatu ndi regulator, kachipangizo kotsitsa voltage n'kuikhazika pa mlingo umodzi. Yodziwika kwambiri pa timabodi ndi AMS1117. Imeneyi imafuna kuti voltage yolowa ipose yotuluka ndi pafupifupi 1.1 V. Kuchokera pa 5 V palibe vuto. Koma batire la lithium-ion limadzaza pa 4.2 V, limakhala nthawi yaitali cha pa 3.7 V, n'kutha cha pa 3.0 V. Mukalidutsitsa mu AMS1117, 3.3 V yeniyeni simuipeza, makamaka wailesi ikamakoka. Mukati mulilumikize mwachindunji, 4.2 V yaposa 3.6 V imene ndi malire a ESP32. Pamafunika regulator imene imakhutira ndi kusiyana kochepa, kwa 0.2 V kapena 0.3 V. AMS1117 ilinso ndi vuto lina pa batire: payokha imadya pafupifupi 5 mA usana ndi usiku, kuchulukitsa ka 500 zimene ESP32 yogona imakoka. Mwagoneka mwana kuti musunge moto, koma mlezi ndiye akuumaliza.

Regulator yamtundu umenewu voltage yotsalayo imaisandutsa kutentha. Kuchokera pa 12 V kufika pa 3.3 V, pa 250 mA, ndi kutentha kopitirira 2 W m'kanthu kochepa ngati njere. Ikatentha kwambiri imadziteteza podula moto, ikazizira n'kuyambanso, ndipo inu mumangoona chipangizo chikuzima pakapita mphindi zingapo. Pa kusiyana kwakukulu chonchi anthu amasankha regulator ya mtundu wa buck, imene imadula magetsi mofulumira kwambiri m'malo mowawotcha. Imasunga moto, koma kudulako kumabweretsa phokoso lamagetsi limene likhoza kugonthetsa wailesi ngati buck yaikidwa pafupi ndi eriyo.

Pali njira ina imene imafala pakati pa ogwiritsa ntchito SIM800L: kutenga 5 V n'kuidutsitsa mu diode, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, kuti itsike ndi 0.7 V. Pena zimagwira. Chovuta n'chakuti diode sidya 0.7 V nthawi zonse. Current ikachepa imadya zochepa, motero module yogona ikhoza kulandira zoposa 4.4 V, current ikakwera imadya zambiri, pa nthawi yomwe module ikufuna thandizo.

## Kapasita ndi kathanki, si mtsinje

Malangizo amene aliyense amapatsidwa ndi akuti "ika kapasita". Ndi malangizo abwino, koma ayenera kumveka bwino. Kapasita ali ngati kathanki kamadzi koikidwa pafupi ndi mpopi: wina akatsegula mpopi mwadzidzidzi, kathankiko kamayamba kupereka madzi pamene a m'paipi yaikulu akubwera. Kukula kwake kumayezedwa mu µF.

Tiyeni tiwerengere. Voltage imene kapasita amatsika nayo ndi current kuchulukitsa ndi nthawi, kugawa ndi kukula kwake. Kukuwa kumodzi kwa GSM ndi 2 A kwa 577 µs. Kapasita wa 1,000 µF atati asenze yekha katunduyu, angatsike ndi 1.15 V. Kuti atsike ndi 0.35 V yokha pangafunike pafupifupi 3,300 µF. Nanga wa 100 µF, amene amaikidwa kawirikawiri pa mwendo wa moto wa ma module amenewa? Iyeyu pa 2 A amataya 0.35 V m'kati mwa 17.5 µs basi. Ndiye kuti ntchito yake si kudyetsa module, koma kugwirizira kanthawi kochepa koyambirira pamene regulator ndi mawaya zikudzidzimuka. Zotsalazo ziyenera kuchokera ku gwero. Ndipo kathanki kakakhuthulidwa kayenera kudzazidwanso kukuwa kwina kusanafike, pasanathe 4 ms.

N'chifukwa chake kapasita wamkulu amachiritsa nRF24L01+, imene imakoka 11 mA mpaka 14 mA, koma sangapulumutse module ya GSM yodyetsedwa ndi gwero la 500 mA kudzera m'mawaya aatali. Kwa LoRa, imene imakuwa kwa sekondi yathunthu, kathanki wamba sikathandiza n'komwe.

Pamene kapasita wakhala m'pofunika ngati kukula kwake. Akhale pamiyendo penipeni pa module, osati kumapeto ena a waya. Kawirikawiri amaikidwa awiri kapena atatu: wamng'ono wa 0.1 µF amene amayankha msanga, wina wa 10 µF kapena kuposa, ndi wamkulu pamene pakufunika. Kapasita nayenso ali ndi kukaniza kwake kwa m'kati, kotchedwa ESR, ndipo wa ESR yaikulu ali ngati thanki yodzadza yokhala ndi kampopi kothina.

## Kudzutsa module

Tsopano mbali yachiwiri. M'kati mwa chip muli timaswichi tambirimbiri, ndipo moto ukamafika, tonse timakhala mwachisawawa, kena koyaka kena kozima. Reset ndi imene imatiika m'malo mwake. Chip iyenera kugwiridwa kuti isayambe ntchito mpaka voltage itakhazikika, kenako n'kuitaya. Ikatayidwa msanga imayamba kuwerenga pulogalamu moto usanakwane, n'kusokonezeka, ndipo nthawi zina imangoti njo, osayaka osazima.

Pa ESP32 mwendo wochita zimenezi ndi EN. Ukakhala pansi, ndiye kuti pa 0 V, chip yagwiridwa, ukakwera yatayidwa. Datasheet imafuna kuti 3.3 V ikhale itakhazikika kwa 50 µs kapena kuposa EN isanakwere. Njira yophweka imene a Espressif amalangiza ndi resistor, kachipangizo kokaniza magetsi, ya ma ohm 10,000 kuchokera pa 3.3 V kupita pa EN, ndi kapasita wa 1 µF kuchokera pa EN kupita pa waya wa 0 V. Kapasitayo amadzaza pang'onopang'ono, motero EN imachedwa kukwera ndi 10 ms kapena kupitirira pang'ono. Mwendowu usasiyidwe osalumikizidwa, chifukwa umatola phokoso lililonse n'kumayambitsa reset yosayembekezeka.

Njira imeneyi imadalira chinthu chimodzi: kuti moto ufike msanga. Nanga ukamakwera mwaulesi? Ganizirani chipangizo cha sola chimene batire lake linatheratu usiku. Kukamacha voltage imakwera kwa mphindi zambiri. Kuchedwa kwa 10 ms apa kulibe tanthauzo, EN imangokwera limodzi ndi moto, ndipo chip imatayidwa voltage ikadali yosakwanira. Vuto lomweli limabwera moto ukazima n'kubweranso nthawi yomweyo, kapasita wa pa EN asanakhuthuke. Mankhwala ake ndi kachip kotchedwa voltage supervisor. Kameneka sikawerenga nthawi chabe, kamayang'ana voltage yeniyeni, n'kugwira EN pansi mpaka moto utadutsa mlingo woikidwa, mwachitsanzo 3.0 V.

Module iliyonse ili ndi nthawi zake, ndipo sizifanana. SX1276 imafuna kuti mwendo wake wa reset ukokedwe pansi kwa 100 µs, kenako mudikire 5 ms musanailankhule. Moto ukangofika kumene mudikire 10 ms. nRF24L01+ ya kampani ya Nordic Semiconductor ilibe mwendo wa reset n'komwe. Imafuna 100 ms moto ukafika, ndipo mukadina batani la reset pa Arduino iyo sikhudzidwa, imakhalabe ndi zimene inauzidwa kale. Pulogalamu yabwino imailemberanso zonse poyamba, osangoganiza kuti yayamba yopanda kanthu.

Ma module a GSM a banja la SIM800 ali ndi mwendo wotchedwa PWRKEY, umene uli ngati batani loyatsira foni: mumaukokera pansi kwa sekondi imodzi kapena kuposa. Timabodi tating'ono ta SIM800L tambiri tinaulumikiziratu pansi kuti module izidziyatsa yokha. Pamene uli m'manja mwa pulogalamu pali msampha, chifukwa batani lomwelo ndi lozimitsiranso. Chip yolamulira, imene imayendetsa pulogalamu yanu, ikayambiranso pamene module ili yoyaka kale, n'kudina PWRKEY mwachizolowezi, imaizimitsa. Choncho pulogalamu iyambe yafunsa, potumiza lamulo la AT n'kuona ngati yankho la OK libwera. Pozimitsa, lamulo la AT+CPOWD=1 limapatsa module mpata wotsanzika pa netiweki, kusiyana n'kungoithothola moto.

## Miyendo imene imafunsidwa podzuka

Pa nthawi imene reset ikutayidwa, ESP32 imasuzumira miyendo ingapo kuti idziwe choti ichite: GPIO0, GPIO2, GPIO5, GPIO12 ndi GPIO15. Ikapeza GPIO0 ili pansi siyendetsa pulogalamu yanu, imakhala n'kumadikira kuti kompyuta iitumizire yatsopano. GPIO12 ndiye yoopsa mwakachetechete. Ikapezeka ili pamwamba, chip imapatsa flash, kumene pulogalamu imasungidwa, 1.8 V m'malo mwa 3.3 V, ndipo pa module imene flash yake ndi ya 3.3 V palibe chimene chimayamba. ESP8266 imafuna GPIO15 pansi, GPIO0 ndi GPIO2 pamwamba.

Chip ikadzuka miyendoyi imakhala yaufulu, ndipo m'pamene anthu amakodwa. Munthu amalumikizapo batani, sensa kapena relay, imene ndi swichi yoyendetsedwa ndi magetsi, pulogalamu ikuyenda, zonse n'kugwira bwino. Tsiku limene moto udzazime n'kubweranso, chinthu chija chimakokera mwendowo kolakwika, chipangizo osadzukanso.

## Kuzimitsa kumene si kuzimitsa

Module ikakakamira moti ngakhale reset siikumva, njira yomaliza ndi kuidula moto wonse. Okonza zipangizo zokhala kutali amaikiratu transistor, yogwira ntchito ngati swichi, yoti chip yolamulira izitha kuchita zimenezi payokha. Koma pali chinthu chimene chimadabwitsa ambiri: mwadula waya wa moto, module n'kukhalabe ndi kamoyo pang'ono. Chifukwa chake n'chakuti kawirikawiri pa mwendo wa uthenga pamakhala diode yoteteza imene imaloza ku njira ya moto ya m'kati. Chip yolamulira ikasiya mwendo wake wotumizira uthenga uli pamwamba, magetsi amalowera pamenepo ngati madzi olowera kukhomo lakuseri. Ndi ochepa kuti module igwire ntchito, koma ndi okwanira kuilepheretsa kufa n'kuyamba mwatsopano. Musanadule moto, miyendo yonse yopita ku module itsitsidwe, ndipo makapasita apatsidwe nthawi yokhuthuka.

## Kuzimitsa mlonda wa brownout

Pa intaneti pamapezeka mzere umodzi wa pulogalamu wozimitsa choyang'anira brownout cha ESP32. Amene amaugwiritsa ntchito amati umawathandiza kudutsa kanthawi koyatsa Wi-Fi, ndipo n'zoona kuti uthenga uja umasiya kutuluka. Koma voltage ikutsikabe monga kale. Mlondayu amakuwa voltage ikafika cha pa 2.4 V, pamene ma flash ambiri a 3.3 V anapangidwa kuti azigwira ntchito kuyambira pa 2.7 V. Ndiye kuti akamakuwa, zinthu zaipa kale. Moto ukafooka chip ili m'kati molemba mu flash, zolembedwazo zikhoza kuonongeka, ndipo ngati zinali pulogalamu yatsopano yotumizidwa kudzera pa intaneti, chipangizo chili pamwamba pa mlongoti chingafunike munthu wokwera kukachitsitsa.

## Mungalipeze bwanji vuto

Yambani n'kufunsa chip yomweyo. ESP32 imasunga chifukwa chimene inayambiranso, ndipo esp_reset_reason() imakuuzani ngati ndi brownout, moto kungofika kumene, kapena watchdog, amene ndi wotchi ya m'kati yoyambitsanso chip pulogalamu ikakakamira. ESP8266 imalemba chifukwa chake podzuka, koma pa liwiro lachilendo lotumizira zilembo la 74,880 baud, n'chifukwa chake ambiri amangoona zilembo zosamveka pakompyuta. SIM800L imatumiza yokha chenjezo loti voltage yatsika, ndipo lamulo la AT+CBC limakuuzani voltage imene module ikuona.

Kenako yezani pamiyendo ya module, osati pa batire kapena pa chaja. Ngati muli ndi oscilloscope, chida choonetsa voltage ngati mzere pa sikirini, muona timaenje tikubwera nthawi iliyonse wailesi ikakuwa, ndipo kuya kwa timaenjeto ndiye yankho. Ngati mulibe, yesani mosinthanitsa: gwero lamphamvu lodziwika bwino, mawaya aafupi ndi onenepa, kapasita pamiyendo. Mukhozanso kutsitsa mphamvu yotumizira m'pulogalamu. Vuto likatha mutatsitsa, mwadziwa kuti ndi la moto.

Mbali ya reset imayesedwa mwankhanza pang'ono. Zimitsani n'kuyatsanso mofulumira maulendo 50. Zimitsani kwa theka la sekondi, kenako kwa mphindi imodzi. Ngati muli ndi gwero lotha kusintha voltage, ikwezeni pang'onopang'ono kuchokera pa ziro, muitsitse kufika pa 2 V, n'kuikwezanso osafika pa ziro. Chitani zonsezi batire lili pafupi kutha, masensa onse ali olumikizidwa, ndiponso eriyo ili pamalo pake, chifukwa module yamphamvu ikatumiza popanda eriyo, mphamvuyo imabwerera m'kati ndipo ikhoza kuononga mbali yotumizira.